Sisitimu ikayamba kuchedwa, musathamangire kunena netiweki

Kuno ku Mzuzu kompyuta ikangochedwa pang'ono aliyense amati ndi netiweki, mvula ikagwa netiweki, kukazizira netiwekinso. Koma sabata yatha pa holoselo ina ku Luwinga komwe ndimawathandiza za makompyuta, intaneti inali bwinobwino, vuto linali seva yawo yomwe amaisunga kuseri kwa kauntala. Mayi a pa till anangoti "achimwene, lisiti limodzi likumatenga nthawi mpaka makasitomala ayamba kung'ung'udza pa mzere."

Ine choyamba ndimalemba df -h, lamulo loonetsa malo otsala pa disiki, sindiyamba ndi kukayikira RAM (memory ya kompyuta) kapena ma query (mafunso opita ku database, mosungira malonda onse) ayi. Disiki inali itatsala pang'ono kudzadza. Anthu ambiri amaganiza kuti vuto limayamba pa 100%, koma database imayamba kuvutika isanafike pamenepo, chifukwa disiki ya mtundu wa SSD ikatsala ndi malo ochepa imayamba kusamutsa data ndi kufufuta mabuloko akale isanalembe zatsopano, ndiye kulemba kulikonse kumachedwa, komanso query yaikulu yosanja zinthu imafuna malo oika ma temp file, ikawasowa imangofera panjira. Pa ext4, kasanjidwe ka mafayilo ka pa Linux, palinso 5% ya disiki yosungidwira root, akaunti yaikulu ya pa seva, ndiye MySQL, database yomwe amagwiritsa pa holoselopo, imapeza malo atha pomwe disikiyo sinadzadze yonse.

Kenako ndinalemba lamulo la du, kuti ndione chadya malo ndi chani. Zinali ziwiri. Ma binlog, mafayilo olemba zonse zosinthidwa mu database, omwe pa MySQL 8 amakhala oyatsa kale ndipo amasungidwa masiku 30 ngati simunasinthe binlog_expire_logs_seconds. Chachiwiri ma backup opangidwa ndi pulogalamu ya mysqldump usiku uliwonse, onse pa disiki yomweyo, palibe amene ankachotsa akale. Izi zimandiwawa kwambiri, chifukwa disikiyo ikafa backup imafera limodzi ndi ngongole zonse za makasitomala.

Chonde musagwiritse rm, lamulo lofufutira mafayilo, pa ma binlog. MySQL ili ndi fayilo yake ya index yomwe imalemba ma binlog onse, mukachotsa pamanja mwaisokoneza. Lowani mu MySQL momwemo mulembe PURGE BINARY LOGS BEFORE ndi deti lake. Anzathu ogwiritsa database ya PostgreSQL, foda ya pg_wal, momwe mumakhala ma WAL (mafayilo omwe database imayamba yalembamo zosintha), musaikhudze nkomwe, database ikhoza kukana kudzuka, onani kaye ngati pali replication slot (chosungitsa ma WAL mpaka seva ina itawakopera) yomwe yasiyidwa ikugwira ma WAL. Ndipo mukachotsa log yaikulu koma df ikuonetsabe kuti malo sanabwerere, ndiye kuti pulogalamu ina ikuigwirabe, lamulo la lsof +L1 likuonetsani pulogalamuyo.

Bwana wa pa holoselopo anafunsa ngati tingofufuta malonda a zaka zakale. Apa ndi pomwe ambiri amakhumudwa. DELETE, lamulo lofufutira mizere mu table ya database, sibweza malo ku disiki, fayilo ya table imakhala kukula komweko, InnoDB, gawo la MySQL losunga ma table, imangosunga mipatayo kuti idzaikemo zina. Kuti ichepe pamafunika OPTIMIZE TABLE, yomwe imamanga table yatsopano pambali, ndiye imafuna malo pafupifupi ofanana ndi table yakaleyo. Zili ngati kufuna kusanjanso matumba a chimanga m'chipinda chodzadza mpaka pakhomo, pamafunika kaye poika ena.

Ndiye tinayamba ndi binlog, ma backup tinasamutsira pa disiki ina ya external, OPTIMIZE ndinaiyendetsa usiku atatseka. Ndaikanso kaskiripiti mu cron, yomwe imayendetsa ntchito pa nthawi yoikika, koti disiki ikadutsa 80% kazinditumizira imelo m'mawa uliwonse mpaka nditapitako.