Zomwe maso a ojambula anzathu amaona pa chithunzi cha nkhope

Mukayang'ana chithunzi chanu kwa maola atatu kapena anayi, maso amazolowera zolakwika zake. Diso lakumanzere likhoza kukwera pang'ono kuposa linzake inu osaona, koma wojambula mnzanu akangolowa pakhomo waliona kale. Chimene ndaphunzira pa nkhaniyi n'chakuti phindu la ndemanga limadalira nthawi yomwe mwaonetsa chithunzicho komanso funso lomwe mwafunsa.

Ambiri timaonetsa mochedwa, nsidze titajambula kale, milomo titaisalaza. Pamenepo mnzanu amachita manyazi kukuuzani kuti mutu wonse wapendekeka, chifukwa akudziwa kuti kukonza kwake ndi kufufuta ntchito ya masiku atatu, ndiye amangoti "chakongola" n'kumapita. Onetsani chithunzi chikadali pa makala kapena pa penti woyamba wopyapyala, pamene pali mpangidwe wa mutu, malo a maso, mphuno ndi pakamwa, komanso mbali yowala ndi yamthunzi basi. Apo kusuntha diso ndi ntchito ya mphindi zisanu.

Musafunse kuti "chili bwanji?" Funsani kuti: mutangoyang'ana, diso lanu layamba lagwera pati? Kuwala kukuchokera mbali iti? Munthuyu akuoneka wa zaka zingati? Mnzanu akalephera kuloza komwe kuwala kukuchokera, dziwani kuti mithunzi yanu yamwazika. Mwana wa zaka 8 akamaoneka ngati wa zaka 20, kawirikawiri mwakweza maso kapena mwatalikitsa chibwano, pakuti maso a mwana amakhala m'munsi pang'ono mwa pakati pa mutu, ndipo chipumi chake chimakhala chachikulu.

Apa pali chinthu chofunika kuchimvetsa bwino. Anzathu amaona msanga kuti penapake palakwika, koma pomwe akulozapo si nthawi zonse pamene pali gwero la vutolo. Wina akati "mphuno yatalika," musathamangire kuifupikitsa. Tengani burashi, tambasulani mkono wonse, muyeze ndi chala chachikulu. Pa nkhope ya munthu wamkulu yoyang'ana kutsogolo, maso amakhala pafupifupi pakati penipeni kuchokera pa liwombo kufika kuchibwano. Kuchokera poyambira tsitsi kufika pa nsidze, pa nsidze kufika kunsi kwa mphuno, ndi kunsi kwa mphuno kufika kuchibwano, ndi magawo atatu oyandikira kufanana. Mpata wa pakati pa maso ndi waukulu ngati diso limodzi. Mukayeza mupeza nthawi zambiri kuti mphuno ili bwinobwino, chafupika ndi chipumi, chifukwa ongoyamba kumene amakonda kupanikiza mutu kumtunda. Miyeso imeneyi ndi poyambira chabe. Kufanana kwa chithunzi ndi mwiniwake kumabwera pomwe nkhope yakeyo yasiyana ndi miyesoyo, ndipo m'pamene muyenera kuyang'anitsitsa.

Ndemanga ina yomveka kawirikawiri ndi yakuti khungu latuwa. Izi zimachitika makamaka pojambula khungu lakuda, munthu akamawalitsa ndi penti woyera yekha. Woyera amaziziritsa mtundu n'kuusandutsa ngati phulusa. Yambani ndi burnt umber (bulawuni woderako) wosakaniza ndi burnt sienna (bulawuni wofiirira), mumthunzi muonjezere ultramarine blue (buluu woderako) pang'ono m'malo mwa wakuda, ndipo powalitsa mukwere ndi yellow ochre (wachikasu wonga dothi) kapena kadontho ka cadmium red (wofiira wowala). Woyera msungireni malo ochepa onyezimira, pa chipumi, pa nsonga ya mphuno ndi pamwamba pa tsaya, ndipo ngati munthuyo ali panja, malowo amatengako mtundu wabuluu wa thambo. Ngati anzanu akunena kuti mitundu ikulimbana, chepetsani mitundu ya penti yomwe mukugwiritsa ntchito. Anders Zorn, wojambula wa ku Sweden, yemwe anamwalira mu 1920, amakumbukiridwa ndi mitundu inayi yokha: woyera, yellow ochre, wofiira ndi wakuda wotchedwa ivory black. Dziwaninso kuti penti wa acrylic amaderako akauma, choncho muonetse atauma.

Maso "agalasi" amabwera chifukwa chopaka mbali yoyera ya diso ndi woyera weniweni. Mbaliyo ili pansi pa chikope, ili mumthunzi, ndipo iyenera kudera kuposa momwe mukuganizira. Mano nawonso musawalekanitse ndi mizere yakuda limodzilimodzi.

Potumiza chithunzi pa WhatsApp kuti anzanu achione, chijambuleni masana pamthunzi, osayatsa flash, foni italunjika pakati pa chinsalucho. Foni yopendekeka ikhoza kutalikitsa chibwano, ndipo adzakudzudzulani pa cholakwa chomwe palibe. Tumizaninso chithunzi chomwe mukutengerapo, ndi chinanso cha ntchito yanu mutachichotsa mitundu kuti chikhale chakuda ndi choyera, poti apo kusokonekera kwa kuwala ndi mthunzi kumaonekera poyera. Ngati chotengerapocho anachijambula foni ili pafupi ndi nkhope, mphuno imakula, makutu n'kubisala. Bwererani mamita awiri musanajambule munthuyo.

Funsani anthu atatu, aliyense payekha, kuti asatengerane mawu. Chimene anena awiri kapena onse, chikonzeni. Chimene wanena mmodzi yekha, makamaka ngati ndi "ine ndikanapaka chakuti," chikhoza kukhala kukonda kwake chabe. Chilembeni m'kope, muchiyese pa pepala lina. Musanagwire chithunzicho, chiyang'aneni pa kalilole monga ankalangizira Leonardo da Vinci, wojambula wakale wa ku Italy, kapena muchizondotse, kuti nanunso muone zomwe aonazo. Kenaka konzani chinthu chimodzi pa nthawi, kuyambira chachikulu: mpangidwe wa mutu, kenaka kuwala ndi mthunzi, kenaka mitundu, nsidze ndi zikope pomaliza. Ngati ndi penti wa mafuta ndipo sanaume, palani mbali yolakwikayo ndi mpeni wosakanizira penti muyambirenso, m'malo mounjika penti wina pamwamba mpaka khungu kusanduka matope.