Zikomo kwa onse amene munasunga nyimbo pasukulu

Abale ndi anzanga, mauthenga anu ndawaona, ndipo achuluka moti sindingathe kuyankha aliyense payekha. Inde, nzoona: dzina langa lili m'gulu la aphunzitsi a nyimbo amene alandira mphotho ya dziko lonse chaka chino. Ndathokoza ndi mtima wonse.

Ndiyambe ndi aphunzitsi aakulu a pasukulu yathu. Amene munagwirapo choko mukudziwa kuti mayeso akayandikira, nthawi yoyamba kulandidwa ndi ya nyimbo. Amaipereka ku masamu kapena sayansi, ngati kuti kuimba ndi masewera chabe. Aphunzitsi aakulu athu anakana. Chaka ndi chaka ankalamula kuti nthawi ya kwaya isakhudzidwe, ngakhale makolo ena ankadandaula kuti ana akutaya nthawi. Bwana, pakanapanda inu, oweruza sakanapeza choti amvetsere.

Ndikumbukirenso malemu aphunzitsi anga, amene anandiphunzitsa kuwerenga nyimbo. Analibe kiyibodi. Anali ndi bolodi, choko ndi kachitsulo kochunira mawu, basi. Ankakamenya pabondo, n'kukaika pafupi ndi khutu, n'kutipatsa doh, liwu loyamba pa doh, re, mi. Njira imene ankagwiritsa ntchito, ya tonic sol-fa, inafalitsidwa ndi m'busa John Curwen ku England m'zaka za m'ma 1840, potengera ntchito ya mayi Sarah Glover a ku Norwich. Cholinga chake chinali choti munthu wamba, wopanda chida chilichonse choimbira, athe kuwerenga nyimbo ndi kuimba molondola. Zizindikiro za manja zoimira liwu lililonse, monga nkhonya ya doh ndi chikhato chogona cha mi, zinachokeranso kwa Curwen, ndipo pambuyo pake zinalowa m'njira ya Zoltán Kodály ku Hungary. Mpaka lero ndikakweza nkhonya kalasi n'kuyankha ndi mawu amodzi, ndimaona dzanja la malemuwo. Mphothoyi ndi yawonso.

Tsono inu ana anga, akale ndi atsopano. Ndikuthokoza makamaka inu amene munabwera mutauzidwa kale kuti mulibe mawu, kuti pa kwaya muzingoyendetsa milomo. Mawu otere amandipweteka kwambiri, chifukwa ana ambiri amene amasochera poimba vuto lawo si pakhosi. Khutu ndi limene lisanaphunzire kumvetsera, ndipo khutu limaphunzitsika. Munapirira kubwereza soh ndi mi mpaka zinakhazikika. Ndikuthokozanso anyamata amene mawu anu atayamba kusintha simunathawe ndi manyazi. Nthawi imeneyo ndi imene kwaya zambiri zimataya anyamata: dzulo anali sopulano, lero mawu akumukana, anzake akumuseka. Inu munalola kuti tikusunthireni ku alito, kenako ku tena kapena besi, ndipo lero ndinu mizati ya gulu lathu.

Makolo amene munkadikira ana mpaka dzuwa kulowa chifukwa cha mapulakatisi, Mulungu akudalitseni.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna kuti tonse tichione. Ulemu wa mtundu umenewu wabwera mochedwa m'maiko ambiri. Ku America, mphotho za Grammy zinayamba kuperekedwa mu 1959, koma ya mphunzitsi wa nyimbo inayamba mu 2014, patapita zaka 55. Ku Canada, bungwe la MusiCounts linayamba kulemekeza aphunzitsi mu 2005, ndipo ku Australia mphotho za ARIA zinawapatsa malo mu 2017. Zaka zonsezo oimba ankakwera pansanja kukalandira zikho, amene anawaphunzitsa kupuma ndi kusunga nthawi ali m'kalasi osatchulidwa. N'chifukwa chake ndikuyamika amene anakonza mphotho yathuyi, komanso mwana wanga wakale amene anakhala pansi n'kulemba kalata yopereka dzina langa ine osadziwa.

Aphunzitsi anzanga amene maina anu sanatuluke, ndikukudziwani. Ena mwa inu mumaphunzitsa kalasi yodzaza, opanda chida n'chimodzi chomwe, ndipo mumatulutsa kwaya zoposa yanga. Choncho ndikupempha aliyense amene anaphunzirapo kuimba pasukulu: mwayi wopereka maina ukadzatsegulidwanso chaka chamawa, lembani za mphunzitsi wanu. Mukafuna thandizo polemba kalatayo, ndiuzeni, tidzalembera limodzi.