Momwe timasokera zovala za spring kuti zivalike tsiku ndi tsiku

Shopu yathu ili ku Blantyre, ndipo inayamba ngati malo okonzera zovala za kaunjika: kuchepetsa m'chiuno, kusintha zipi, kupinda mabuluku. Kusoka zathuzathu kunayamba chifukwa cha zithunzi zomwe amayi ankabwera nazo pa foni. Munthu waona diresi pa Facebook kapena pa Instagram, walikonda, akufuna lomwelo. Koma akufunanso azipita nalo ku ntchito, kutchalitchi ndi kumsika, azikwera nalo minibasi. Zambiri mwa zovala za m'zithunzizo zimakhala za nyengo ya spring, yomwe kumaiko ozizira imabwera chisanu chikatha, zosokedwera dziko lina ndi mphepo ina. Ntchito yathu yaikulu masiku ano ndi kuzisintha kuti zigwirizane ndi kuno.

Choyamba ndi nthawi. Okonza zovala otchuka amaonetsa masitayelo a spring ku New York, London, Milan ndi Paris mu Sepitembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala, koma anthu a kumeneko amadzawavala kuyambira Malichi mpaka Meyi. Miyezi imeneyo kuno mvula ikutha, tikulowa m'masika, kutsogolo kuli chisanu cha Juni. Telala amene asoka madiresi opyapyala mu Epulo chifukwa wawaona pa intaneti amawapachika mpaka Ogasiti osagulidwa. Ife timatsata kalendala ya ku South Africa, komwe spring imawerengedwa kuyambira pa 1 Sepitembala, nthawi yomwe kunonso kwayamba kutentha. Zithunzi za ku Ulaya timazisunga, nsalu timagula mu Juni, timasoka mu Julaye ndi Ogasiti, ndipo mitengo ya jakaranda ikamayamba maluwa katundu amakhala ali pa mahang'ala. Mpamenenso pamachuluka zinkhoswe ndi maukwati, kenako tsiku la anakubala pa 15 Okutobala.

Nkhani yaikulu ili pa nsalu. Spring ya ku London ndi yofunda pang'ono chabe, pomwe Okutobala wa kuno amawotcha. Diresi la maluwa la poliyesitala limaoneka bwino pa chithunzi, koma silimwa thukuta, ndipo pofika masana limamatirira kumsana. Timagwiritsa ntchito kotoni, lineni ndi viscose, nsalu yofewa yomwe ulusi wake umapangidwa kuchokera ku mitengo. Zina timagula ku Limbe, zina zimabwera ndi ooda katundu ku Joni, makamaka zochokera ku Oriental Plaza ku Fordsburg. Wogulitsa aliyense amati nsalu yake ndi kotoni, choncho timadula kachidutswa n'kukayatsa ndi machesi. Kotoni, lineni ndi viscose zimanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesitala imasungunuka n'kusiya kachibulumwa kolimba. Zikachitika zonse ziwiri, ndiye kuti nsaluyo ndi yosakaniza, ndipo ikakhala ndi poliyesitala pang'ono sitiyikana, chifukwa sichita makwinya msanga.

Nsalu iliyonse timayamba tayichapa tisanadule. Kotoni amafupika ndi masentimita 3 mpaka 5 pa mita iliyonse, lineni ndi viscose nthawi zina kuposa apo. Siketi yomwe inafika pakati pa katumba imatha kukwera itangochapidwa kamodzi, ndipo layiningi ya poliyesitala, yomwe sifupika, imayamba kusuzumira m'munsi. Kuchapako kumationetsanso nsalu yochucha mtundu. Chitenje nachonso chimachapidwa kuti sitachi achoke, apo ayi diresi limaima lokha tsiku loyamba n'kulobodoka sabata yotsatira.

Kuchuluka kwa nsalu kumadalira mulifupi mwake. Nsalu za madiresi zambiri ndi za masentimita 150, pomwe chitenje chimakhala cha pafupifupi 115. Kwa mayi wa saizi yapakati, buluku lotambalala miyendo limadya mamita 2.5 a nsalu yaikuluyo, koma pa chitenje pamafunika 3 kapena kuposerapo. Siketi yofika pa katumba, yotambasuka pang'ono m'munsi, ndi mamita 2. Diresi la mabatani kutsogolo, la kolala ndi lamba, ndi mamita 3. Ngati maluwa ake ndi akuluakulu kapena onse ayang'ana mbali imodzi, timawonjezera theka la mita kuti akumane bwino pa msoko. Amene amaumira apa amadula chidutswa cha kumbuyo mozondoka, maluwa n'kuyang'ana pansi.

Masitayelo ena timawasintha kasitomala asanapemphe n'komwe. Siketi yokulunga, yomanga ndi zingwe m'chiuno, imabwera pafupifupi chaka chilichonse. Ya m'zithunzi imapitirirana pang'ono, mokwanira munthu woima chilili. Kuno Ogasiti ndi Sepitembala kuli mphepo ndi akamvuluvulu, ndipo mayi amayenera kukwera kabaza. Timapanga kuti chidutswa cha mkati chifike mpaka pa msoko wa m'mbali, n'kuyika batani lobisika mkati mwa chiuno komanso lina laling'ono cha pakati pa ntchafu. Mpata wa kumbuyo kwa siketi yothina timauphimba ndi kachidutswa kopitirira, ndipo pamwamba pake timasoka mobwereza chifukwa mpamene pamang'ambika pokwera minibasi. Mabulauzi oonekera mkati timawayika layiningi ya kotoni wopyapyala kutsogolo ndi kumbuyo, mikono yokha n'kutsala yoonekera. Layiningi yoterera ya poliyesitala ndi yotsika mtengo, koma imawononga cholinga chonse cha nsalu yopita mphepo.

Buluku lotambalala ndi lomwe limayenda malonda kwambiri, ngakhale kwa amayi aakulu omwe anakula pansi pa lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala mabuluku, lomwe linachotsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Amalikonda chifukwa patali limaoneka ngati siketi. Pa zithunzi limakwekwereza pansi. Ife timayeza kasitomala atavala nsapato zomwe aziyendera, n'kusiya masentimita 2 kuchokera pansi, chifukwa fumbi la chilimwe limadya mpendero pasanathe mwezi. Kutsogolo timayika lamba wosalala, kumbuyo lasitiki wa masentimita 4, ndipo m'mahipi timawonjezera masentimita 8 mpaka 10 pa muyeso wa thupi. Matumba timayika akuya oti foni ilowe yonse.

Nsalu zopyapyala zimavuta pa makina. Viscose ndi shifoni zimafuna singano nambala 9 kapena 11. Nambala 14, yomwe imakhala pa makina ambiri chifukwa cha chitenje, imakoka ulusi wa nsalu n'kusiya mizere. Msoko ukamakwinyika, timamasula ulusi wapamwamba n'kuchepetsa sitichi kufika mamilimita 2. Pa nsalu yoonekera timasoka kawiri: koyamba kunja, kudula zotsalira, kutembenuza, kenako mkati, kuti m'mphepete mubisike. Siketi yozungulira kapena yodulidwa mopingasa timayipachika usiku wonse tisanapinde, popeza mbali zina zimatamuka kuposa zinzake. Mukapinda tsiku lomwelo, mawa lake mpendero umakhala wokwera uku, wotsika uku.

Pa mitundu timanena zoona, ngakhale zichepetse oda. Spring imabwera ndi mitundu yotuwa: pinki wofewa, buluu wa mtambo, chikasu chonga batala, zoyera. Yonseyi ndi yokongola, koma m'munsi mwa thupi sikhalitsa pa dothi lofiira ndi pa mipando ya minibasi. Timalangiza kuti mtundu wotuwa ukhale pa bulauzi, ndipo siketi kapena buluku zikhale za khaki, zofiirira kapena buluu woderako. Buluu wotuwa ndi gireyi zimaonetsa thukuta m'khwapa kuposa zoyera kapena za maluwa, choncho pa mitundu imeneyi timakulitsa khwapa ndi masentimita 2 kuti nsalu isagunde thupi.

Ambiri amafika akuganiza kuti ayenera kusintha zovala zonse. Timawafunsa kaye kuti, "Mayi, kunyumba muli ndi chiyani?" Kawirikawiri siketi yakuda ilipo, jinzi ilipo, zitenje zosasoka zili m'sutikesi. Apo n'zokwanira kusoka zinthu zitatu: bulauzi ya mtundu wa chaka chimenecho, buluku kapena siketi yogwirizana ndi mabulauzi akale, ndi diresi la mabatani. Diresi limeneli limavalidwa lomanga lamba ku ofesi, ndipo likamasulidwa mabatani onse limakhala chovala chapamwamba pa jinzi m'mawa wa Ogasiti kukadali kachisanu. Jekete lochindikala la m'zithunzi za ku Ulaya silofunika. Kajekete ka chitenje kopanda layiningi, ka mamita 2, kamakwana.

Oda timalandira ndi theka la ndalama, ndipo nsalu sitidula kasitomala asanaone kachidutswa kochapidwa kale, popeza mtundu wa pa foni ndi wa m'manja sufanana. Kuyeza ndi kawiri, kachiwiri chovala chili cholumikiza koma chopanda zipi ndi mpendero. Maoda a tsiku la anakubala timatseka kumapeto kwa Sepitembala. Tili ndi makina amagetsi, koma opalasa sitinawataye, chifukwa magetsi akazima sabata ya ukwati ndi omwe amamaliza ntchito.

Chovala chilichonse chimatuluka ndi kapepala ka kachapidwe. Viscose imafooka ikanyowa, choncho siyenera kupotokoledwa kapena kumenyedwa pa mwala. Ingofinyidwa pang'ono n'kuyanikidwa pa hang'ala. Za mitundu yotuwa ndi za maluwa ziyanikidwe pa mthunzi zitatembenuzidwa, apo ayi mapewa amasuluka mwezi usanathe. Lineni amasitidwa akadali wonyowa pang'ono, ndi simbi yotentha kwambiri. Amene amasitira simbi ya makala ayambe ndi lineni ndi chitenje moto ukadali waukali, viscose ibwere pomaliza, ndipo pamwamba pake ayale kansalu ka kotoni.