Bangkok mu April, ndi ana awiri komanso agogo awo

Ndinanyamuka ndi kope lodzaza mapulani, tsiku lililonse malo anayi oti tikaone, ndi nthawi yake yomwe. Pofika tsiku lachiwiri kopelo linali litasanduka chokupizira cha amayi anga.

Tinalipo asanu: ine, bambo a kunyumba, mtsikana wathu wa zaka 11, kamnyamata ka zaka 5, ndi amayi, omwe anali asanakwerepo ndege chibadwire. Tinachoka ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa n'kukatera pabwalo la Suvarnabhumi ku Bangkok, likulu la Thailand. Nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi maola 5, ndiye 2 koloko usiku kamnyamatako kanali maso gwa, kakufunsa ngati tadya kale.

Tinasankha April chifukwa cha holide ya ana. Musatengere ife. Ndi mwezi wotentha kwambiri ku Thailand. Ine ndinakulira ku Chikwawa ndipo ndinkadzitama kuti dzuwa silingandiopseze, koma kutentha kwa kumeneko n'kwachinyontho, umangotuluka m'bafa thukuta layambanso kale. Ngati mungathe pitani pakati pa November ndi February. Ife tinangosintha kayendedwe: kutuluka 7 koloko, kuona malo amodzi basi, pofika 12 koloko tili kuhotelo, ana m'madzi, agogo pabedi.

Chabwino cha April ndi Songkran, chaka chatsopano chawo, kuyambira pa 13 mpaka pa 15. Mzinda wonse umathirana madzi, ena ndi ndowa, ena ndi mfuti zapulasitiki. Ana anasangalala koopsa. Amayi ndiye anaima pakhomo pa hotelo atagwira chikwama pachifuwa, nkhope ili ndwii.

"Iwe, anthu akuluakulu chonchi kumasewera ndi madzi?"

Kenako mtsikana wina wogwira ntchito pahotelopo anabwera ndi kambale ka madzi onunkhira, muli timaluwa. Anagwada, n'kuwathira pang'onopang'ono m'manja. Ndi mmene amalemekezera akuluakulu pa chikondwererochi. Amayi anawomba m'manja mwakwathu, n'kunena kuti, "Zikomo mwanawe, uli ndi mwambo." Sanamvane liwu ngakhale limodzi, koma m'mawa uliwonse amayi ankamufunafuna kuti amupatse moni.

Ku kachisi wa Wat Pho tinapita pa boti la pamtsinje wa Chao Phraya, lotchipa komanso lamphepo yabwino kuposa galimoto. Kuli chifanizo cha Buddha atagona cham'mbali, chotalika mamita 46, chonse chonyezimira golide. Koma kamnyamata kanga sikanasamale za golide. Kanakonda mbale 108 zamkuwa zimene anandandalika kukhoma, zomwe anthu amaponyamo timakobidi. Kanaponya kamodzikamodzi, kakuwerenga mokweza, ife tikudikira ndi nsapato m'manja. M'makachisi mumavula nsapato, ndipo mapewa ndi mawondo azikhala obisika. Zitenje zathu zinatithandiza. Ku Grand Palace, nyumba yachifumu, ndiye salola masewera, abambo valani buluku lalitali.

Kumeneko n'kumene tinapusitsidwa. Tisanafike pachipata, bambo wina wovala bwino anatiuza kuti lero atseka, koma mnzake wa tuk-tuk, kagalimoto ka matayala atatu, atizunguliritsa malo ena motchipa. Bambo a kunyumba, omwe ku Lilongwe sanaberedwepo ngakhale ndi mavenda, anavomera. Tinakathera m'shopu ya telala, akutiyeza masuti osawafuna. Pachipata panali potsegula tsiku lonse. Nkhani imeneyi saikonda, ndiye ndailemba.

Pa chakudya lowezani mawu awiri: mai phet, kutanthauza kuti musaike tsabola wambiri. Ana anakhalira khao pad, mpunga wokazinga ndi nkhuku ndi dzira. Amayi atapatsidwa mpunga womata wothira mkaka wa kokonati, pambali pali mango, anati zimenezo n'zosokoneza mimba, kenako anamaliza wawo ndi wanga womwe. Komabe usiku uliwonse ankadandaula kuti agona ndi njala poti nsima sanaione.

Zamapepala yambani msanga. Visa tinafunsira pa intaneti kudakali mwezi wathunthu, ndipo kuyambira pa 1 May 2025 aliyense, ndi mwana yemwe, amayenera kudzaza fomu yolowera m'dzikolo yotchedwa TDAC pa intaneti m'masiku atatu omaliza asanafike. Madola, mukudziwa mmene akuvutira kwathu kuno, tinayamba kuwasaka miyezi inayi ulendo usanakwane. Tengani adaputala chifukwa mapulagi athu a mano atatu salowa m'masoketi ambiri, komanso mankhwala odzola a udzudzu, poti wofalitsa matenda a dengue umaluma masana.

Pa malo onse a m'kope muja, kunja kwa Bangkok tinangofika ku Ayutthaya, makilomita pafupifupi 80, pa sitima. Linali likulu lawo mpaka asilikali a ku Burma analiwononga mu 1767. Pa kachisi wa Wat Mahathat pali mutu wa Buddha wamwala umene mizu ya mtengo inaukulunga, ndipo pojambulitsa umayenera kunjuta kuti mutu wako usapose wake. Amayi ananjuta bwinobwino. Kudzuka kwake tinachita kuwakoka awiri.