Nesi woledzera ndi makalata asanu

Popeza nkhaniyi yafika kale ku Leeds, ndipo dzulo mlamu wanga wa ku Area 25 wawononga mayunitsi ake kundiimbira kuti angoseka basi, ndati ndiifotokoze ndekha anthu asanaithire mchere wina. Inde, ndinakaneneza nesi kwa abwana kuti amaledzera pantchito. Inde, nesiyo ndi mayi wa Seventh Day amene ngakhale tiyi samwa. Koma zoti ndinaitana apolisi ndi bodza. Ndinangofunsa ngati tingawaitane.

Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira usiku kuno ku Manchester kuli agogo ena aamuna amene kale anali aphunzitsi. Mutu wawo ndi wakuthwabe, miyendo yokha ndiyo inakana. Usiku umenewo ndikuwakonzera pogona, ndinaona kapepala pakatebulo kawo, kolembedwa ndi dzanja lawo lonjenjemera lija: Drunk nurse has old letters (5).

Tsono inuyo mukanatani? Chingerezi changa ndi cha MSCE, osati chotola pamsewu, ndipo chinandiuza momveka kuti nesi woledzera ali ndi makalata akale, asanu. Agogowa alidi ndi kabokosi ka makalata amene malemu akazi awo ankawalembera. Nesi wausiku analipo mmodzi yekha. Komanso kumaphunziro amatiuza mobwereza kuti wokalamba akadandaula, ngakhale monong'ona, usafufuze wekha, kanene.

Ineyo ndinafufuzako pang'ono. Ndinatsegula firiji ya antchito, ndinapeza botolo la amayi aja, ndinanunkhiza. Fungo lowawasa linandimenya m'mphuno, mtima unangoti ndagwira mbava. Amayiwa anabadwira ku Zimbabwe koma makolo awo ndi a kwathu, ndipo aliyense pantchito amadziwa kuti amabwera ndi thobwa. Inenso ndinamwapo kangapo. Koma munthu ukakhala ndi umboni m'thumba, thobwa imanunkha kachasu. Ndinakhala pansi n'kulemba lipoti lalitali, mpaka ndinaikamo zoti amayiwo ankayenda mwapang'onopang'ono m'khonde. Ali ndi vuto la bondo.

Kutacha sindinapite kukagona. Anatiitanira mu ofesi: abwana, amayi aja, ine, ndi agogo amene anawabweretsa pa wilutcheya atavala juzi yawo ya Lamlungu. Abwana anawerenga kapepalako mokweza, nkhope ili gwa, n'kufunsa agogo ngati pali chimene akufuna kutiuza, ndipo asaope.

Agogo anayang'ana kapepala, anayang'ana ine, kenako anayamba kugwedezeka. Ndinkaganiza kuti akulira, moti ndinawagwira paphewa. Anali kuseka. Anaseka mpaka mano oikirira anasuntha, abwana n'kuwapatsa madzi. Atapuma anapempha kuti wina akawatengere kathumba ka Scrabble kuchipinda kwawo. Wotumidwayo ndinali ine.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse ululu wanga. Munthuyu anali mphunzitsi, ndipo anali atapeza kalasi patapita zaka zambiri. Sanafulumire. Anatulutsa tizilembo tisanu n'kutindandalika pa desiki ya abwana: N, U, R, S, E. Anandifunsa kuti ndiwerenge. Ndinawerenga. Anandifunsa kuti munthu akaledzera amayenda bwanji. Ndinati amadzandira. Anati eya, ndiye zilembozi nazonso zidzandire. Ndi chala chimodzi, chonjenjemera, anayamba kukankha R. Abale, R ameneyo anayenda ulendo. Anadutsa U, anaima, anapumula, anagwa pansi pa desiki, ine n'kugwada kukamutola pafupi ndi nsapato za amayi amene ndinawaneneza aja. Nsapato zake zakuda, zopukutidwa bwino, za munthu amene sanapondepo pakhomo la bala chibadwire. Nditadzuka, agogo anayambiranso poyamba chifukwa akuti ndinaphonya sitepe. R kutsogolo. U pambuyo pake. N anabwerera pakati. E ndi S anasinthana malo mwaulemu. Mu ofesi munali zii, kumangomveka kaphokoso ka tizilembo pathabwa ndi mpweya wa amayi aja.

RUNES.

Anandifunsa ngati ndikudziwa tanthauzo lake. Ndinati ayi. Anati ndi zilembo zakalekale zimene Angerezi akale ndi ma Viking ankazokota pamiyala ndi pamitengo. Zilembo, achimwene, osati makalata. Ndipo 5 uja sankawerenga makalata obedwa, ankanena kuti yankho lili ndi zilembo zisanu.

Anthu akuno amawatcha cryptic crossword masewera amenewa. Si aja osavuta amene amakufunsa likulu la dziko iwe n'kulemba. Awa chiganizo chilichonse chimakhala ndi mbali ziwiri: kumapeto kumodzi kuli tanthauzo lenileni la yankho, kwinako kuli malangizo obisika a mmene ungalipangire, ndipo zonse pamodzi amazilemba dala kuti zizioneka ngati zikukamba nkhani ina. Mawu ngati drunk, broken kapena mad amangotanthauza kuti sokoneza zilembo. Agogo, poona kuti kalasi ikumvetsera, anapitiriza. Akuti ukaona flower usathamangire duwa, nthawi zina ndi mtsinje, chifukwa mtsinje ndi chinthu chimene chimachita flow. Akuti love ndi chilembo O chifukwa ku tenesi ziro amamutcha choncho. Kenako anatilembera HIJKLMNO n'kunena kuti yankho lake ndi water, poti zilembozo zayambira pa H kufika pa O, H to O, zomveka ngati H2O, dzina la madzi ku sayansi. Abwana anaseka mpaka kugwira pamimba. Ine sindinaseke. Ndinali ndikadali woimbidwa mlandu pa mlandu umene ndinausumira ndekha.

Kapepala kaja sanakakopere n'komwe m'nyuzipepala, anakapeka okha. Akuti akhala akulowa mpikisano wopeka ziganizo zoterezi wa m'nyuzipepala ya The Observer, wa mkulu wodzitcha Azed amene anayamba mu 1972, ndiye usiku tulo tikawathawa amayeserera ndi mawu alionse amene ali pafupi. Tsiku limenelo chimene chinali pafupi ndi nesi. Ndipo tamverani izi, chifukwa zikundiikira kumbuyo: amene ankalemba Azed asanabwere ankadzitcha Ximenes, ndipo woyambirira, wa mu 1926, ankadzitcha Torquemada. Onsewo ndi maina a akuluakulu a bwalo la Inquisition la ku Spain lija linkazunza anthu. Azed weniweniyo ndi Deza wolembedwa chobwerera, nayenso wa bwalo lomwelo. Ndiye ngati eni masewera amadzitcha okha ozunza, ine ndalakwa chiyani kuzunzika?

Komanso tinene zoona. Kwathu chilape chimayamba ndi chenjezo. Munthu amati chilape, iwe n'kuyankha kuti nachize, aliyense n'kudziwa kuti tsopano tikusewera. Awa amangosiya msampha pakatebulo, pafupi ndi mankhwala, m'nyumba imene antchito ake analumbiritsidwa kunena chilichonse. Abwana omwe, atapukuta misozi, anavomereza kuti malamulo ndinawatsata. Za firiji zokha ndizo anati tidzakambirana patokha.

Amayi aja nthawi yonseyi sanayankhule. Titatuluka anandiimitsa m'khonde n'kunena m'Chichewa chawo cha ku Harare chija, mofatsa kwambiri: "Mwanawe, thobwa ija ukanangopempha." Ndinapepesa mpaka mawu anandithera. Anati zatha, ndipo andipempherera Loweruka. Chiyambire tsiku limenelo botolo lawo amalilemba ndi cholembera chachikulu kuti SI MOWA, n'kuliika kutsogolo kwenikweni mufiriji, ndipo anzathu a ku Philippines ndi ku Nigeria onse aphunzira mawu awiri a Chichewa amenewo.

Agogo nawo anditenga ngati mwana wawo wa sukulu. Usiku uliwonse amandisiyira kapepala katsopano. Ka sabata yatha kanali ndi mawu akuti doctor ndi murdered, ndipo ndinakawerenga kawiri, n'kuyang'ana ngati kumapeto kuli nambala. Inalipo. Yankho sindinalipezebe, ndipo iwo akukana kundiuza.