"Amene amadziwa zimenezo watuluka"

Eni mashopu ku Kamwala ndi ku Matero mu Lusaka, mawu amenewa, omwe antchito anu amayankha ogula, akukuthawitsirani makasitomala kuposa mitengo. Munthu akangowamva amawoloka msewu n'kukagula kwina.

Gwero lake n'lakuti aliyense amadziwa mbali yake yokha. Wa pa kauntala sadziwa pomwe pali katundu kuseri, wonyamula katundu sadziwa kulandira ndalama pa Airtel Money kapena MTN. Muziwasinthanitsa ntchito kamodzi pa sabata, tsiku lomwe ogula sachuluka, osati kumapeto kwa mwezi.

Musanatsegule chitseko, imani pamodzi mphindi 10: chatha n'chiyani, mtengo uti wasintha, ndani analonjezedwa chiyani dzulo. Malonjezowo alembedwe m'kabuku kamodzi ka pa kauntala. Akakhala m'foni ya munthu mmodzi, tsiku lomwe wadwala kasitomala adzabwerera chimanjamanja.

Komishoni ya aliyense payekha imayambanitsa. Anyamata amalandana ogula, koma wobweza katundu wowonongeka palibe womulabadira, poti palibe chomwe apezepo. Bonasi igawidwe kwa onse.

Nanunso abwana, wina akalakwitsa chenji musamukalipire pamaso pa ogula. Mawa adzabisa, ndipo mudzazitulukira mochedwa powerengera katundu.