Ndakhoza Fomu 4 ndili ndi zaka 59, ndabwera kudzathokoza

Abale anga, dzulo masana aphunzitsi aakulu anandiimbira foni ndili kudimba ndikuthirira kabichi. M'manja munali matope, moti foniyo ndinaiyankha ndi nsonga ya chala. Anangoti, "Amayi, dzina lanu lilipo. Mwakhoza." Ndinakhala pansi pambali pa kheni pomwepo, misozi n'kuyamba kutsika ngati tsiku lija ndinanyamula sutikesi kuchoka kusekondale ndili mtsikana. Usiku tulo sitinabwere. Ndiye ndati ndidzuke ndilembe mawu awa, chifukwa oyenera kuwathokoza ndi ambiri ndipo miyendo yanga singafike pakhomo pa aliyense.

Akuluakulu a kwathu kuno akudziwa kuti JC ndinakhoza kalekale. Fomu 3 ndinangophunzira teremu imodzi, bambo anga n'kumwalira. Masiku amenewo ngakhale kupulayimale timalipira. Sukulu yaulere inabwera mu 1994 ine ndili kale ndi ana atatu. Amalume anakwanitsa fizi ya achimwene, ine anandiuza kuti ndidikire chaka chamawa, ndipo chaka chamawacho sichinafike. Sindiwasungira kanthu kukhosi, thumba linali limodzi ana tili ambiri. Ndinakwatiwa, ndinalima kachewere, anyezi ndi kabichi, ndakhala pamsika wa Lizulu zaka zoposa 30 ndikuitanira ogula a m'mabasi a pamsewu wa M1.

Woyamba kumuthokoza ndi mdzukulu wanga wamkulu, ngakhale iye anachita mosadziwa. Tsiku lina anaiwala kope lake la Agriculture pakhonde. Ndikulichotsa kuti mbuzi zingadye, linatseguka patsamba lomwe panali manambala amene ndawaona moyo wanga wonse pathumba la feteleza: 23:21:0. Pansi pake analemba kuti nambala yoyamba ndi nayitulojeni wa masamba, yachiwiri ndi fosiforasi wa mizu, yachitatu ndi potaziyamu, ndipo ziro ameneyo akutanthauza kuti mulibemo. Ndinaima ndi kopelo m'manja nthawi yaitali. Matumba angati ndasenza pamutu osadziwa kuti manambalawo akundiuza zimene zili m'kati? N'chifukwa chake alangizi ankalimbikira kuti ku kachewere tizithira D Compound, poti mbatata imafuna potaziyamu kuti ikule bwino. Iwo ankanena zochita, ine ndinkachita, koma chifukwa chake sindinkachidziwa. Usiku umenewo ndinawerenga kope lonse ndi tochi ya pafoni. Kutacha ndinawauza bambo a kunyumba kuti ndikufuna kubwerera kusukulu.

Bambo a ana anga, zikomo. Munangofunsa funso limodzi, "Amalowa nthawi yanji?" Nditati ya open imayamba masana ana a m'mawa akaweruka, munati, "Pitani, mbuzi ndizimanga ndine." Ndikudziwa zimene ankakunenani anzanu pabawo. Simunabwere nazo kunyumba ngakhale tsiku limodzi. Munagulitsa mbuzi ziwiri teremu yoyamba, ndipo masiku amene ndinkafika kutada ndinkapeza madzi a nsima ali kale pamoto.

Aphunzitsi anga onse, ambiri a inu ndinu amsinkhu wa ana anga, koma tsiku lililonse ndinkakuimirirani mukalowa m'kalasi ndipo ndinkatero ndi mtima wonse. Munandilola kuvala chitenje changa. Munandiika kutsogolo chifukwa cha maso. Koma aphunzitsi a Biology ndiwathokoze mwapadera. Sabata zoyamba ndinkachita manyazi kukweza mkono, poopa kuti ana aziti agogowa akutichedwetsa. Iwo anaona, ndipo anandiuza pamaso pa onse kuti, "Amayi, safunsa anadya phula. M'kalasi muno funso lanu ndi lofanana ndi la wina aliyense."

Tsiku lina anatiuza kuti tibwere ndi kachewere ndi anyezi. Ine ndinabwera ndi zakumunda kwanga. Anadula kachewere pakati n'kudonthezapo ayodini, mankhwala ofiirira aja. Pomwe panali poyera mbee panasanduka bii, mwabuluu wakuda, maso anga akuona. Anati ndi sitachi ameneyo, chakudya chimene masamba apanga ndi dzuwa, madzi ndi mpweya, n'kuchitsitsira pansi kukachisunga. Kenako anasenda kakhungu kopyapyala ka m'kati mwa anyezi n'kukaika pamaikulosikopu. Inali imodzi yokha, tinkaima pamzere. Itafika nthawi yanga ndinavula magalasi, ndinatsinzina diso limodzi, poyamba sindinaone kanthu koma kuwala. Aphunzitsi anapotoza pang'ono. Kenako zinaoneka: tizipinda tating'onoting'ono tandandanda ngati njerwa za khoma, kalikonse ndi kadontho kake m'kati. Anyezi amene ndaunjika milu masauzande pamsika, amene wandiliza m'khitchini kuyambira ndili kamtsikana, m'kati mwake muli zomangidwa mwadongosolo chonchi! Ndinapempha kuti ndionenso kachiwiri, ana anandipatsa mpata. Pobwerera kunyumba ndinkangoyang'ana masamba a m'mbali mwa njira, ndikuganiza kuti onsewa ali ndi tizipinda tawo.

Za chiwawu nazonso. Alimi a kuno ndi a ku Tsangano tonse timachidziwa: nkhungu ikakhala masiku angapo ndi mvula yowaza, masamba a kachewere amayamba mawanga akuda, sabata isanathe munda wonse uli ngati wawauka ndi moto. Ine ndinkangoti ndi chisanu. Kusukulu ndinaphunzira kuti ndi kachilombo kamoyo, konga nkhungu ya pachakudya chovunda, kamene njere zake zimauluka ndi mphepo ndipo kamakonda chinyezi. Komweko ndi kamene kamagwira matimati, chifukwa matimati ndi kachewere ndi pachibale. Kuyambira pamenepo sindibzalanso matimati pomwe ndakumba kachewere, ndipo mbatata zowola sindizisiya m'munda. Aphunzitsi a Geography anawonjezera kuti kachewere kwawo ndi kumapiri a Andes ku South America, cha ku Peru, malo okwera ndi ozizira ngati kwathu kuno. Anatinso matenda omwewa anawononga minda ku Ireland kuyambira mu 1845, anthu pafupifupi miliyoni imodzi n'kufa ndi njala ndi matenda. Nkhani imeneyo inandikhala pamtima masiku ambiri, poganiza kuti amayi a kutali chonchija analirapo m'munda ndi chinthu chomwe ndaliranacho ine.

Tsono si zonse zinayenda myaa. Chaka chatha ndinalemba ndipo ndinalephera Chingerezi. Amene analembapo akudziwa kuti ukagwa Chingerezi satifiketi palibe, ngakhale maphunziro enawo utakhoza bwanji. Zinandiwawa kwambiri. Ndinakhala mwezi wathunthu osapita kumsika, mabuku ndinawatsekera m'katoni pansi pa bedi. Amene anandidzutsa ndi atsikana atatu a m'kalasi mwathu, onse obwerera kusukulu atabereka, mmodzi mwa iwo atalepheranso ngati ine. Anafika Lamlungu masana, wina mwana ali kumsana, anakhala pamkeka n'kunena kuti, "Agogo, ife tinabwerera chifukwa tinkaona inu. Mukasiya, amayi athu atiuza kuti mwaona, ngakhale agogo aja asiya." Ana anga inu, zikomo. Chaka chonse mwakhala mukubwera Loweruka lililonse, tikuwerenga mokweza ndime imodzi imodzi, mukundikonza katchulidwe popanda kuseka. Chingerezi chija ndapeza 7, Agriculture 3. Awiri mwa inu mwakhozanso. Wachitatuwe, katoni yanga ya mabuku ikukudikira ndipo Loweruka lathu silinathe.

Amayi anzanga a banki m'khonde, munandibwereka ndalama ya mayeso kawiri konse, ndipo ulendo wachiwiri palibe anafunsa kuti nanga yoyamba ija inapindula chiyani. Mwana wanga wa ku Lilongwe, magalasi ndi nyale ya sola zija zagwira ntchito. Mnzanga wa benchi loyandikana nalo pamsika, wandigulitsira katundu masana onse amene ndinali m'kalasi, osasowa ngakhale 50 kwacha. Amayi a kumpingo, mapemphero anu ndinkawamva.

Tsiku loyamba la mayeso silidzachoka m'mutu mwanga. Munali m'nyengo yozizira, nkhungu ili tolo, phiri osaoneka. Pageti wapolisi wachinyamata anandiimitsa mwaulemu, "Amayi, makolo athere pompano." Ndinatulutsa chitupa changa cha MANEB. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana ine, kenako anaima njo n'kunena kuti, "Pepani mayi, lowani. Mukalembe bwino." Dzina lake sindikulidziwa, koma ngati mawu awa angamupeze, adziwe kuti anandilimbitsa mtima. Zala zinali zitauma ndi chisanu moti cholembera chinkandipulumuka. Mmodzi wa atsikana anga aja anatulutsa mbatata yootcha yotentha m'thumba la juzi n'kundifumbatitsa kuti ndigwire mpaka belu lilire. Ndinalowa m'chipinda manja akununkha mbatata.

Ambiri mwandifunsa, ena mwachikondi ena mwachipongwe, kuti satifiketiyi ndipita nayo kuti pamsinkhu uno. Ntchito sindikufuna, dimba langa likundikwanira. Ndinkafuna kudziwa chifukwa chake cha zinthu zimene manja anga akhala akuchita, ndipo njala imeneyo inali nane kuyambira tsiku lija la sutikesi. Sinathebe. Pano ndikufuna kumvetsa za dothi lathu, chifukwa chimene mbali ina ya dimba imabereka ina ayi ngakhale feteleza ali yemweyo, ndipo ndapangana kale ndi alangizi kuti tidzayendere limodzi.

Pali amayi anzanga anayi pamsika amene mpaka lero amadinda chala polandira ndalama kubanki m'khonde. Anandipempha kale kuti ndikamaliza mayeso ndiziwathandiza zimene akuphunzira kusukulu ya kwacha, ndipo tiyamba Lachitatu likudzali pakhonde panga, dzuwa likapendeka. Amene ali ndi masileti kapena mabuku a Sitandade 1 ndi 2 omwe ana anamaliza nawo, chonde tibwerekeni.

Loweruka lino ndaviika chimera, kukhala thobwa ndi kachewere wokazinga. Aphunzitsi, atsikana anga, amayi a banki, anansi, nonse bwerani, musadikire kuitanidwa kawiri. Ndipo iwe mdzukulu wanga, kope lako lija ndikadali nalo, ndalikutira ndi pulasitiki. Ubwere udzatenge ndi manja ako, ndikufuna ndikuthokoze pamaso pa anthu.